Holide Imene Yandilanda Atate

Spinney Hill, Leicester
27 Ogasiti 2006

Okondedwa Asisi Angeline,

Ndiyambe ndi moni, chifukwa ndikayamba ndi zimene zili kukhosi kwanga moniyo ndiiwala. Muli bwanji kumeneko ku Chipata? Alamu mwendo uja unasiya kutupa? Nanga ana? Kuno tilipo. Alamu anu a Langton akadayendetsabe mabasi awo, mwana wathu Lorraine watalika mpaka wandipitirira, ndipo Chichewa amamva chonse koma kuyankha ndi Chingerezi basi. Ine thupi lili bwino. Mutu ndi umene sukuyenda, ndipo amene ausokoneza ndi atate anu. Ndati atate anu, chifukwa ine mwezi uno andikwana.

Pafoni sindikanatha kufotokoza. Khadi imatha nkhani isanafike pakati, komanso mwiniwake wa nkhaniyo amakhala pampando womwe uli pafupi ndi foni, makutu ali tcheru.

Mukudziwa mmene Atate akhalira chiwatengereni kuno, Amayi atatisiya ndiponso sitiroko ija itawafooketsa dzanja. Akhala munthu wa pawindo. Kudzuka, kumwa mankhwala a bipi, kukhala pansi n'kumaona mabasi ndi anthu opita kumzikiti. Adokotala anati asanyamule zolemera koma aziyendako pang'ono. Iwo anakana, akuti munthu wanzeru sayenda popanda kumene akupita. Ndikachokera kushifiti, kunyumba ya okalamba kumene ndimagwira ntchito, ndinkawapeza pomwe ndinawasiya.

Nzeru ya holide inachokera kwa a Langton. Anzawo kuntchito amapita ku Spain kukaothera dzuwa, koma iwo ayi, akuti ku Spain kumapita aliyense. Anapeza m'nyuzipepala kanyumba ka matabwa kobwereketsa pa famu ina ku Norway, m'mbali mwa nyanja, n'kugula mbedza, chisoti ndi buku la nsomba. Munthu wobadwira ku Kadoma, kutali ndi nyanja, amene sanagwirepo ngakhale kapenta! Za mavuto a maviza ndi kukaima pamzere ku London ndisanene n'komwe. Ine chimene ndinkafuna chinali chimodzi: kugona mpaka thupi lidzuke lokha.

Atate anavomera kupita chifukwa panalibe wowasiyira. Mundege sanalankhule. M'galimoto imene tinabwereka sanalankhulenso, pamene ine ndinali kukuwa msewu wonse, poti kumeneko amayendetsa kumanja ndipo alamu anu ankangoiwala.

Malowo ndi okongola, zimenezo sindingakane. Dzina lake sindilemba, lili ndi zilembo zodulidwa pakati. Nyanja yake ndi yaitali ndi yopapatiza ngati mtsinje waukulu, madzi oyera koma ozizira moti ukaviika phazi mano amachita dzanzi. Minda ya mbatatesi ndi barele imatsika kuchokera kunkhalango mpaka kumadzi. Makola ndi ofiira, aakulu kuposa tchalitchi chathu cha ku Chadiza. Udzu wa ng'ombe amaukulunga m'mapulasitiki oyera n'kuusiya m'munda ngati mazira a chimbalame. Ndipo dzuwa, Asisi, silidziwa kulowa. Limangotsika pang'ono ngati laiwala kanthu, kenako labwereranso.

Mwini famu ndi nkhalamba yotchedwa Asbjørn, wamtali, wopindika msana, woyenda ndi ndodo. Mkazi wake anamwalira. Chingerezi chake ndi cha moni basi. Amene anatilandira ndi mwana wake wamkazi, Solveig, wa msinkhu wanga, amene amagwira ntchito ku Oslo koma anabwera kudzathandiza miyezi yotentha. Atate dzina la nkhalambayo linawakanika, anangoti Aziboni, ndipo mwiniwakeyo anavomera.

M'mawa woyamba ndinadzuka n'kupeza bedi la Atate loyalidwa bwino, iwo mulibe. Mankhwala ali patebulo osamwedwa. Ndinatuluka ndi chitenje chokha. Ndinayang'ana kuseri, ndinayang'ana kumsewu, kenako maso anga anagwera panyanja ija, ndipo ndinaganiza kuti amira. Ndinathamangira kumadzi ndikukuwa, a Langton pambuyo ndi nsapato imodzi, Lorraine akulira. Ndinali nditayamba kale kuganiza mmene ndikuuzireni.

Mukudziwa kumene tinawapeza? M'khola. Atavala ovolosi yobwereka ndi majombo a raba, fosholo m'manja, akuwola ndowe n'kumathira muwilibala. Dzanja lomwe lija limene kuno silitha kugwira sipuni bwinobwino! Ndinayamba kuwakalipira pomwepo. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Iwe, tsitsa mawu, ukuopseza ng'ombe."

Holide yanga inathera pamenepo.

A Langton anali atakonza zoti tikakwere sitima ya panyanja, tikaone tchalitchi chakale cha matabwa, tikwere phiri. Atate anakana zonse. Akuti tchalitchi anachionapo, phiri analionapo, ndipo Aziboni ali yekha pantchito. Ndinawauza kuti ife tabwera ngati alendo odzaona malo, si aganyu. Anandifunsa kuti mlendo wa mtundu wanji amene amakhala manja lende mwininyumba akugwira ntchito. Ndiye poti sindikanawasiya okha, ndinkangokhala pachitsa pafupi ndi khola, botolo la mankhwala m'manja, udzudzu ukundidya. Inde, udzudzu, ku Ulaya, waukulu kuposa wa ku Luangwa.

Musaganize kuti ankathandiza zenizeni. Tsiku lina anazula timasamba tonse tonunkhira timene Solveig anabzala pafupi ndi khitchini, akuti ndi udzu ndipo zikuchititsa manyazi pakhomo. Ndinapepesa. Tsiku lina anakwera kunkhalango, anapeza nkhosa zili ndi mabelu m'khosi zikudya zokha popanda mbusa. Anaganiza kuti zasochera. Anazikusa zonse mpaka pabwalo la Aziboni, akutuluka thukuta, akunyada ngati mnyamata. Nkhosazo zinali za mlimi wina wa kutsidya kwa msewu, ndipo kumeneko amazisiya dala m'tchire miyezi yonse yotentha. Zinalowa m'munda wa barele. Mwininkhosa anabwera pathirakitala nkhope itafiira. Ndinapepesanso, m'Chingerezi, kwa munthu amene sankandimva. Atate mpaka lero akuti wolakwa ndi mwininkhosa.

Aziboni yekha anaseka mpaka kukhala pansi. Kuyambira pamenepo anthu awiriwo sanasiyane. Masana ankakhala pabenchi kukhoma la khola, akumwa khofi wakuda amene adokotala anawaletsa, wina akulankhula Chinorweji, wina Chichewa, onse akugwedeza mitu. Ndinawafunsa Atate kuti mukumvana chiyani. Anati akukambirana za mvula, za ana osamva, ndi za akazi awo. Ndinati mukudziwa bwanji. Anati nanga nkhalamba ziwiri zingakambe chiyaninso.

Chakudya chinali buledi m'mawa, buledi masana, buledi madzulo, ndi tchizi wina wofiirira wotsekemera amene ine ndinamulavula. Atate amene kuno amakankha mbale yanga, kumeneko ankamaliza zonse n'kupempha zina. A Langton ankabwera kuchokera kubwato opanda nsomba, ali ndi zifukwa zatsopano tsiku lililonse. Panalibe ndi mmodzi yemwe wondimvera chisoni.

Chakumapeto kwa sabata, Solveig anandiitana kuti timwe tiyi. Ndi pamene anandiuza kuti ng'ombe zonse zagulitsidwa, lole ibwera kudzazitenga tisanachoke. Bambo ake chiuno chatha, anagwapo kale m'khola nthawi yozizira n'kugona pansi mpaka wotenga mkaka atawapeza. Iye ndi mchimwene wake palibe amene akufuna kulima. Minda abwereketsa kwa mwininkhosa uja, ndipo nkhalambayo aipezera kanyumba m'tauni, pafupi ndi chipatala. Anati bambo akewo sakumulankhula bwino chiyambireni nkhaniyi.

Ndinamugwira dzanja n'kumuuza kuti wachita bwino. Ndinanena ndi mtima wonse. Ndinamuuza kuti ifenso tinachita chimodzimodzi, ndipo makolo akakula amafunika kuwaganizira ngati ana. Tinagwirizana kwambiri, ana aakazi awiri anzeru.

Lole inabwera m'mawa. Anyamata ake anali aulemu, sanamenye chiweto. Ng'ombe zinakwera imodzi imodzi, Aziboni ataima patali atatsamira ndodo, osayang'ana. Yotsiriza, yaikulu yofiira imene ankaikonda, inafika pathabwa lokwerera n'kuima nji. Anaikoka, anaikankha, ayi. Atate anapita, anaisisita pakhosi, anailankhula Chichewa chonse chimene ankalankhulira ng'ombe zawo. Sinasunthe.

Mapeto ake Aziboni anabwera yekha. Sanaigwire n'komwe. Anangokwera thabwalo pang'onopang'ono ndi ndodo yake, n'kuitchula dzina kamodzi. Ng'ombe ija inamutsatira mpaka mkati. Iye anatsika, anyamata anatseka, lole inapita.

Kenako anatenga tsache n'kukasesa khola lonse, ngakhale munalibenso choti chilowemo. Solveig anafuna kumulanda tsachelo, anamukaniza. Atamaliza anatseka chitseko yekha. Atate nthawi yonseyo anali ataima pabwalo, chisoti m'manja, ngati pamaliro. Ine ndinalowa m'kanyumba kathu kukalongedza, chifukwa sindinkafuna kuona.

Potsanzikana, Atate anabweza ovolosi ndi majombo. Aziboni anawakankhira m'manja mwawo. Tinavutika nazo pabwalo la ndege, majombo onunkha ndowe, mpaka ndinachita kuwatsuka m'bafa la pamenepo anthu akundiyang'ana.

Ndinkaganiza kuti tikafika ku Leicester zonse zibwerera m'malo mwake. Patangopita masiku ochepa, ndikuchokera kushifiti, ndinapeza pawindo palibe munthu. Ndinamva kugunda kuseri. Mukukumbukira pazithunzi kabwalo kathu ka kuseri, kamene kamangokwana chingwe choyanikira ndi mabini? Atate anali atazula masilabu a simenti theka lonse ndi piki, atavala ovolosi ya Aziboni.

Nyumba si yathu, Asisi! Ndi ya a Essop, Mmwenye wa ku Limbe amene ali ndi golosale pakona. Ndinathamangira kumeneko kukapepesa asanamve kwa ena. Ndinawapeza akuseka. Piki anabwereketsa ndi iwowo. Anandiuza m'Chichewa chawo cha ku Limbe kuti, "Mayi, asiyeni bambo anu a Sakala. Ine ndawapatsanso mbewu ya mpiru. Akakolola tigawana." Ndinatuluka m'golosalemo osagula kanthu, nditakwiya ndi nkhalamba zonse za padziko lapansi.

Nditabwerera ndinapeza Atate atakhala pa silabu imodzi, piki ili pansi. Pamene anakumbapo panalibe dothi. Panali zidutswa za njerwa, phulusa lakuda, magalasi osweka ndi paipi yakale. Anatapa pang'ono m'dzanja, ananunkhiza, anataya. Ndiye anandiuza, mosakweza mawu, kuti akupita kwawo ku Chadiza mvula isanagwe, ndipo ndiwagulire tikiti.

Ndinawauza zonse zimene inu mukanawauza. Kuti kiliniki ili kutali ndipo mankhwala amasowa. Kuti nyumba yakhala yotseka zaka ziwiri, chiswe chatha mitengo ya denga. Kuti palibe wowaphikira. Kuti sitiroko ikabweranso kumeneko kulibe ambulansi yofika khofi asanazizire. Ankangomvetsera ngati ndikuwerenga nyengo ya dziko lina.

Mtima utandipsa ndinanena chimene sindinafune kunena. Ndinati ng'ombe zimene mukuzilotazo, zimene munasiyira msuweni wathu Marvellous, mwina zinatha ndi matenda a chigodola, mukapeza khola lili pululu. Ndinkayembekeza kuti agwa mphwayi.

Anati akudziwa, si mwana. Anati munthu akasiya kutchula ng'ombe pafoni, ndiye kuti palibe zotchula. Kenako anati, "Aziboni wataya zonse, koma analipo. Anazikweza yekha, anatseka yekha. Ine zanga zinapita ndili pawindo ndikuwerenga mabasi. Ngati khola lili pululu, ndikufuna ndikalione ndi maso anga."

Ndinati nanga moyo wanu. Anandiyankha kuti, "Iwe umasamala nkhalamba za eni, umaziona tsiku ndi tsiku. Zimamwa mankhwala onse pa nthawi yake. Tandiuza, ndi iti mwa izo imene umaisirira?"

Asisi, funso limenelo linandikwiyitsa koposa.

Sindinagonje msanga. Ndinawatengera kwa abusa a mpingo wathu wa Chinyanja kuno, nditawauziratu abusawo zoti anene. Anatsekerana m'chipinda. Potuluka, abusa ndi amene anayamba kundilangiza ine za kulemekeza atate ndi amayi. Ndinawatengera kwa adokotala. Adokotala anati ngozi ilipo ndithu, sanabise, koma anati mutu wawo uli bwinobwino ndipo munthu wamkulu amasankha yekha. Anawayeza bipi n'kupeza kuti yatsikako. Atate anandiyang'ana ngati awina mlandu kukhoti.

A Langton, amene anayambitsa zonsezi ndi mbedza yawo, akungoti mwina ndi chifuniro cha Mulungu. Ndinawauza kuti chaka chamawa tikupita ku Spain, kumene kulibe ng'ombe.

Zithunzi za ulendowu tinakatsukitsa sabata yatha. Chimodzi ndachiika m'kalata muno. Anajambula ndi Lorraine, tsiku la nkhosa lija. Muone nokha. Nkhope ya Atate imeneyo ndinaiona komaliza Amayi ali moyo. M'nyumba mwanga muno, mmene muli hita yotenthetsa nyumba, mankhwala ndi chakudya chabwino, sinaonekepo ngakhale tsiku limodzi. Ndachiyang'ana chithunzicho kambirimbiri kufuna kupeza poti nditsutsire, sindinapeze.

Ndiye tikiti ndagula. Anyamuka kumayambiriro kwa Okutobala, kuti akapeze nthawi yososa.

Chonde musandiimbire foni kuti ndiwaletse. Ndikudziwa kuti mawu amenewo ali kale pakamwa panu. Ngati mukuona kuti mungathe, mudzayese nokha akafika ku Lusaka, mudzaone ngati mudzapambane pamene abusa ndi adokotala analephera.

Zimene ndikupempha ndi izi. Mupite ku Chadiza mwezi ukubwerawu mukaone nyumba, makamaka denga ndi chitseko. Mukakhale pansi ndi Marvellous akuuzeni zoona za ziweto, popanda kumukalipira, chifukwa matenda sanawaitane ndi iye. Mupeze munthu wamkulu wodekha, wachibale ngati n'kotheka, woti azigona pakhomopo ndi kuwaphikira, amene sangaope kuwakumbutsa mankhwala ngakhale atamutukwana. Mukalankhulenso ndi anamwino a pakiliniki kuti awadziwe. Mankhwala a miyezi yoyamba abwera nawo, ena ndizitumiza ndi anthu obwera kumeneko. Munda asalime wonse. Ndikudziwa kuti akakana, koma mukanene ndithu.

Chachikulu ndasiyira kumapeto, chifukwa chikundilemera kulemba.

Ine ndimagwira ntchito ndi odwala otere, ndikudziwa mmene sitiroko yachiwiri imabwerera. Ikhoza kuwapeza ali m'munda, khasu m'manja, chaka chino kapena chaka chamawa. Zikadzatero ine ndidzakhala kuno, ndipo mwina sindidzafika ali moyo. Ndalingalira zimenezi mpaka mutu kuwawa, ndipo ndavomera. Koma sindingathe kuvomera ndekha. Sindikufuna kuti tsiku limenelo, anthu atasonkhana, inu mudzandiyang'ane n'kunena kuti Petronella anali nawo pafupi ndi chipatala n'kuwataya. Achibale ena adzanena, amenewo ndilibe nawo ntchito. Koma inu ayi.

Ndiye mundiyankhe, osati pafoni koma ndi dzanja lanu, kuti nkhaniyi tainyamula awiri. Ngati simungathe kunena kuti ndachita bwino, mungonena kuti mwamva ndipo mukawalandira. Zimenezo zindikwanira.

Pano ndikulemba, ali kuseri. A Essop awabweretsera matumba a dothi la m'sitolo, ndipo athira pamalo pamene anakumba paja. Ndawauza kuti mpiruwo sadzaudya, adzakhala atapita. Akuti akubzalira ine, ndipo ndisaiwale kupatulira. Ine, amene ndimabwera kunyumba miyendo itatupa! Mwaona zimene ndikukumana nazo?

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa ana onse, kwa azakhali ku Katete, ndi kwa Marvellous, mumuuze kuti asathawe. A Langton ndi Lorraine akupereka moni. Mulungu akusungeni, akupatseni mphamvu ndi kuleza mtima, chifukwa muzifuna zonse ziwiri posachedwapa.

Ndawafunsa Atate pawindo la kukhitchini ngati ali ndi mawu oti ndikulembereni. Sanatembenuke n'komwe. Akuti iwo moni wa papepala sapereka, adzakupatsani okha pamanja.

Ndine mng'ono wanu wotopa,

Petronella